Momwe Mungapimire Siliva mu Ndalama Yakale ya Aroma

Musanaipime ndi makina aliwonse ndalama ya siliva ya Aroma yotchedwa denarius, yambani mwazindikira mfumu imene nkhope yake idadindidwapo, kenako muiike pa sikelo yowerenga ngakhale tizigawo ta galamu. Kulemerako kumakuuzani zambiri, popeza m'nthawi ya mfumu Augustus denarius inkalemera magalamu pafupifupi 3.9, koma mfumu Nero atasintha ndalama m'chaka cha 64 AD inatsika kufika pafupifupi 3.4.

Mukatero mungagwiritse ntchito makina a XRF, amene amawomba cheza pa ndalamayo n'kuonetsa zitsulo zimene zilimo popanda kuiwononga. Komabe musakhulupirire msanga zimene makinawa akuonetsa, chifukwa amangowerenga khungu la ndalamayo. Osula ndalama ku Roma ankatenthetsa chitsulo chosakaniza siliva ndi mkuwa, n'kuchiviika mu asidi kuti mkuwa wapamwamba uchoke, ndipo zaka zambiri zimene ndalamayo yakhala m'nthaka zimachotsanso mkuwa wina. Motero kunja kumaoneka siliva wambiri kuposa amene alidi m'kati. Zimenezi n'zimene zidasokoneza zotsatira za David Walker, katswiri wa ndalama zakale, m'zaka za m'ma 1970, ngakhale kuti iye adapima ndalama zochuluka kwambiri.

Njira yodalirika ndi imene akatswiri ena, Kevin Butcher ndi Matthew Ponting, adatsata. Boolani kabowo kakang'ono kwambiri m'mphepete mwa ndalamayo, osati pankhope pake, tayani tizidutswa toyamba kutuluka popeza n'tochokera pakhungu lija, ndipo musunge tokhatokha tochokera m'kati. Tizidutswato musungunule mu asidi n'kutipima ndi makina a ICP, amene amaonetsa kuchuluka kwa chitsulo chilichonse chimene chilimo, mukuyerekeza ndi zitsulo zimene kasakanizidwe kake n'kodziwika kale. Pogwiritsa ntchito njirayi, zidapezeka kuti denarius ya Nero itasinthidwa inali ndi siliva pafupifupi 80 peresenti yokha. N'zoona kuti oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale sakondwera kuona ndalama zawo zikubooledwa, choncho pemphani chilolezo, ndipo musankhe ndalama zimene zilipo zambiri.

Musanyalanyaze zitsulo za golide, bismuth ndi mtovu zimene zimapezeka pang'onopang'ono mu silivayo, chifukwa zimathandiza kusiyanitsa siliva wochokera kumigodi yosiyana, monga ya ku Spain. Pamenepa pamafunika kusamala, popeza Aroma ankasungunula ndalama zakale n'kusulanso zatsopano, zimene zinkasakaniza siliva wa kumadera ambiri. Ndalama imodzi siingaimire nyengo yonse, choncho pimani zingapo za chaka chimodzi ndi malo amodzi osulira musanalembe zotsatira zanu.