Kumvetsa variation kudzera mu ndowa ya usipa

Chaka chilichonse ana anga a Folomu 3 akafika pa mutu wa variation, nkhope zimagwa. Komatu ambiri mwa iwo amachokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, kumene samu yomweyi imachitika padoko mmawa uliwonse. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndi usipa. Za x ndi y zimabwera pambuyo.

Tiyerekeze kuti mayi wa geni wagula ndowa 3 za usipa pa K45,000. Akafuna ndowa 7 alipira zingati? Mwana aliyense amayamba wapeza mtengo wa ndowa imodzi: 45,000 kugawa ndi 3, K15,000. Kenako 15,000 kuchulukitsa ndi 7, K105,000. Imeneyotu ndiyo direct variation. Ndowa zikachuluka kawiri, ndalama nazonso zimachuluka kawiri. Polemba timati y = kx, pamene x ndi chiwerengero cha ndowa, y ndi ndalama zolipira, ndipo k ameneyu ndi mtengo wa ndowa imodzi uja, umene susintha kaya wagula zochepa kaya zambiri. Ukagawa y ndi x, yankho limatuluka lomwelo nthawi zonse.

Tsopano boti lakocheza, mwini chilimira (ukonde wophera usipa) wachotsa zake, ndipo zatsala K96,000 zoti alovi, asodzi ogwira ntchito m'botimo, agawane. Akakhala 8, aliyense atenga K12,000. Akakhala 6, K16,000. Akakhala 12, K8,000 basi, ndipo apa ana amaseka chifukwa amadziwa madandaulo amene amamveka pamchenga tsiku lotere. Anthu akamachuluka, gawo la aliyense limachepa, koma mulu wa ndalama ndi womwewo. Iyi ndiyo inverse variation, y = k/x, pamene x ndi chiwerengero cha alovi, y ndi gawo la aliyense, ndipo k ndi mulu wa ndalama uja. Kuno sitigawa ayi, timachulukitsa: 8 ndi 12,000, kapena 6 ndi 16,000, zonse zikutibwezera ku 96,000.

Pamayeso a MSCE funso limabwera m'Chingerezi, mwina motere: y varies inversely as x, ndipo y ndi 6 pamene x ndi 4, pezani y pamene x ndi 3. Usathamangire yankho, mwana wanga. Lemba kaye y = k/x. Ika manambala awiri amene wapatsidwa limodzi, 6 = k/4, choncho k ndi 24. Lembanso ikweshoni yonse, y = 24/x, ndipo pamenepo m'pamene uikepo 3. Yankho ndi 8. Ngati ukukayika, ganiza za ganyu: anthu 4 apalira munda masiku 6, ndiye anthu 3 pamunda womwewo atenga masiku 8. Zikumveka. Ukapeza masiku ochepera 6, dziwa kuti wasokoneza penapake. Werenganso bwino mawu a funso, chifukwa akanena kuti the square of x, pansi pamakhala x², osati x yekha. Ana ambiri amataya malikisi pa kamawu kameneka.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikamachonga ndi ichi: mwana akangoona kuti china chikukwera pamene china chikutsika, amalemba kuti inverse. Si nthawi zonse. Boti lanyamuka ndi malita 20 a petulo, injini ikumwa malita 2 pa ola. Pakatha ola limodzi atsala 18, pakatha maola awiri atsala 16. Maola akukwera, mafuta akutsika, inde. Koma chulukitsa uone: 1 ndi 18 ndi 18, pamene 2 ndi 16 ndi 32. Sizikufanana, choncho palibe k, ndipo si inverse variation.

Galafu nayo imaulula. Ya direct ndi mzere woongoka wodutsa pa (0, 0), pakuti wosagula ndowa salipira kanthu. Ya inverse imapindika n'kumatsika pang'onopang'ono koma siikhudza mzere wapansi, monga momwe alovi angachulukire bwanji, aliyense amapatako kenakake. Jambula zonse ziwiri patsamba limodzi pogwiritsa ntchito manambala a usipa ndi a alovi aja, uziyang'ane moyandikana.