Mukaona biannual m'kalata, chitani izi

Ndine mlembi wa gulu la amayi oyanika usipa kuno ku Malindi. Chaka chatha bungwe lomwe linatikongoza ndalama zomangira mathandala linalemba kuti tizitumiza biannual report. Pamsonkhano tinamvana kuti ndi lipoti la zaka ziwiri zilizonse, kalatayo n'kuisunga. Mu Julayi foni inalira: "Amayi, lipoti la Juni lili kuti?" Ngongole yachiwiri inachedwa miyezi iwiri, usipa ukutidutsa padoko.

Biannual ndi kawiri pachaka. Mnzake wofanana naye nkhope ndi biennial, kamodzi pa zaka ziwiri. Onse achokera ku Chilatini, kumene bi ndi ziwiri, annus ndi chaka. Pa zaka zinayi, woyambayo akufuna malipoti 8, winayo awiri okha.

Powerenga, phimbani bi ndi chala. Mukatsala ndi annual, mawu omwe timawadziwa kale aja a chaka ndi chaka, dziwani kuti zonse zikuchitika m'kati mwa chaka chimodzi. Mukaona e pambuyo pa bi, ndi zaka ziwiri. Musadalire khutu, pafoni awiriwa amamveka ngati amodzi.

Ine ndimakumbukira ndi Eid. Anzathu achisilamu amadya Eid kawiri pachaka, ya pambuyo pa Ramadan ndi ya nsembe ija, ndipo pakati pake pamadutsa masiku pafupifupi 70 okha. Imeneyo ndi biannual: kawiri basi, kaya motalikirana kaya moyandikana. Koma vitamini A amene ana amalandira kusikelo miyezi 6 iliyonse, mawu ake oyenera ndi semiannual, poti semi ndi theka. Kalata ikanena semiannual kapena half-yearly, werengani miyezi 6.

Chovuta n'chakuti eni chinenero nawonso amasokoneza, moti madikishonale ena amalola biannual kutanthauza zonse ziwiri. Ndiye musasaine musanafunse kuti, "Miyezi yake ndi iti?" Yankholo akulembereni, ngakhale pa WhatsApp.

Mukamalemba nokha, mawuwa asiyeni. Lembani twice a year, in June and December, kapena every two years. M'kaundula wathu ndinalemba ndi cholembera chofiira: lipoti pa 30 Juni ndi pa 31 Disembala. La Disembala ndinakapereka ndekha ku boma, pa kabaza, kutatsala masiku atatu.