Mukamapita ku Nyika, konzekerani chisanu ndi msewu

Ambiri akamva za ulendo wokaona nyama amaganiza za kutentha kwa ku Liwonde, n'kunyamula malaya opepuka okhaokha. Ku paki ya Nyika, kumpoto kwa Malawi, zimenezo zidzakuvutitsani. Malo amenewa ali pamwamba, mamita oposa 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi mukadzuka m'mawa mumapeza udzu utayera ndi chisanu, zala zikukanika ngakhale kumanga nsapato. Tengani juzi lochindikala, chipewa, masokosi ndi bulangete lowonjezera, makamaka ngati muli ndi ana.

Mafuta thirani ku Rumphi, chifukwa mukadutsa Bolero n'kulowa pachipata cha Thazima simudzapezanso pothira. Msewu ndi wafumbi, wokwera ndi wokhotakhota, ndipo nthawi ya dzinja umaterera kwambiri. Pitani ndi galimoto yokwera msinkhu, tayala lapadera likhale ndi mpweya, ndipo nyamukani m'mawa kuti mufike ku Chelinda, malo ogona alendo m'kati mwa pakiyi, dzuwa lisanalowe. Nkhungu ikagwa, ngakhale phiri lili pafupi simuliona.

Mukafika, musathamange. Zimitsani injini, khalani chete. Mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zimadya poyera pa zitunda zopanda mitengo, ndipo mukadekha zimayandikira zokha mpaka kumva kudzula kwa udzu. Mukafuna kuyenda pansi kapena kulowa m'tinkhalango ta m'zigwa, tengani mlonda wa m'pakimo. Kuli anyalugwe ndi afisi, komanso zitunda zimafanana moti munthu amasochera masana.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi nkhani ya moto. Kuyambira Ogasiti udzu umakhala wouma gwa, mphepo ili kuwomba. Kachidutswa ka fodya kamodzi kangapsereze zitunda zingapo, ndipo motowo ukalowa m'nkhalango zakalezo mitengo yake simera msanga. Sonkhani moto pamalo okhawo amene mwauzidwa, ndipo pochoka thirani madzi mpaka phulusa lizizire m'manja.

Obwera m'Januwale kapena Febuluwale adzapeza maluwa a ma orchid, mitundu yoposa 200. Jambulani, koma musathyole kapena kukumba. Timizu take ndi tija amapangira chinaka, ndipo okumba mozembera awononga kale madambo ena. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965, ndiyo yoyamba komanso yaikulu kuposa onse m'dziko muno. Zinyalala zanu, mabotolo ndi mapepala apulasitiki, bwererani nazo m'galimoto mpaka ku Rumphi.