Kasamalidwe ka zithunzi za mafilimu zowala mumdima

Mukagula chithunzi cha filimu chosindikizidwa ndi inki yowala mumdima, monga zija za Mondo, kampani ya zithunzi za mafilimu yomwe inayambira mumzinda wa Austin ku America, yang'anani kaye nambala yolembedwa ndi pensulo m'munsi, mwachitsanzo 45/300, kutanthauza chithunzi cha nambala 45 mwa 300 zomwe zinasindikizidwa. Chikafika chokulungidwa mu chubu, musachitambasule mokakamiza, chifukwa inki imeneyi ndi yokhuthala ndipo imang'aluka. Chisiyeni chimasuke chokha tsiku lathunthu, kenako muchiyale pakati pa mapepala opanda asidi n'kutsendereza ndi mabuku.

Musachiike padzuwa pofuna kuti chiwale kwambiri, mitundu inayo imafwifwa. Kuchiunika ndi tochi ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumapezekanso m'dzuwa) kwa masekondi 30 n'kokwanira. Galasi loteteza ku UV ndi labwino pa felemu, koma limatchinga mphamvu ya tochiyo, choncho chiunikeni ndi nyali yoyera yamphamvu. Selotepi yokha ayi ndithu, imasiya banga lachikasu losachoka.