Fyuzi yapsa? Momwe mungaipezere ndi kuisintha pa RAV4, CR-V, X-Trail ndi zinzake

Mwafika pa Chikangawa madzulo, nkhungu yatsika, mvula ikuwaza, mawaipa n'kungoima pakati pa galasi. Kapena mwaima pa Katoto kuti mutchaje foni, soketi ili zii. Nthawi zambiri chafa pamenepo si mota ya mawaipa kapena kompyuta ya galimoto ayi, koma kanthu kakang'ono ngati chikhadabo: fyuzi.

Fyuzi ndi kawaya kopyapyala kotsekeredwa m'pulasitiki. Anakapanga dala kuti kazipsa magetsi akadutsa muyezo, n'cholinga choti mawaya a galimoto apulumuke. Ndiye ntchito ili pawiri: kupeza imene yapsa, komanso kudziwa chimene chaipsereza. Yoyambayo ndi ya mphindi khumi. Yachiwiriyo ndi imene ambiri amaidumpha, n'chifukwa chake amagula mafyuzi sabata ndi sabata.

Mabokosi ali pati?

Toyota RAV4, Honda CR-V, Nissan X-Trail, Suzuki Escudo ndi Mazda CX-5 zimakhala ndi mabokosi a mafyuzi osachepera awiri. Loyamba lili ku injini. Tsegulani boneti, muona bokosi lakuda la pulasitiki, kawirikawiri pafupi ndi batire, lokhala ndi timano todina m'mbali. Mmenemo muli mafyuzi a zinthu zodya magetsi ambiri monga mafani a radiyeta, ABS (chothandiza kuti matayala asamange mukaponda mabuleki mwamphamvu), nyali zakutsogolo ndi hutala.

Lachiwiri lili mkati, kunsi kwa dashibodi. Pa galimoto za chiwongolero chakumanja ngati zathuzi, yambirani pafupi ndi bondo lakumanja la dalaivala. Mukalisowa, pitani mbali ya pasenjala, kuseri kwa kabokosi kosungira mapepala kapena pakhoma la pomwe pamakhala phazi. Osachita manyazi kugwada pansi ndi tochi, bokosili silionekera muli chikhalire pampando.

Tembenuzani chivundikiro. Mkati mwake muli mapu osonyeza fyuzi iliyonse ndi mphamvu yake. A Toyota amalemba mwachidule: CIG kapena P/OUTLET ndi soketi yotchajira, WIP ndi mawaipa, DOME ndi nyali ya mkati, TAIL nyali zakumbuyo, STOP nyali za mabuleki, HORN hutala, H-LP LH ndi H-LP RH nyali yaikulu yakumanzere ndi yakumanja, pomwe EFI imadyetsa za mafuta a injini. A Honda amakonda manambala ndi tizithunzi. Ngati zalembedwa m'Chijapanizi, lozetsani kamera ya foni pamenepo kudzera pa Google Translate, mumva zokwanira. Gwirani chivundikirocho molunjika mmene chimakhalira pa bokosi, chifukwa mukachizondotsa muzula fyuzi yolakwika.

Kuizula ndi kuiona

Zimitsani injini, chotsani kiyi, zimitsaninso chimene chasiya kugwira ntchitocho. Musanakhudze chilichonse, jambulani bokosi lonse ndi foni. Mipata ina imakhala yopanda kanthu chichokere ku fakitale, ndipo chithunzicho chidzakukumbutsani pomwe panali fyuzi ndi pomwe panalibe.

M'bokosi la ku injini mumakhala kachopanira kapulasitiki kozulira mafyuzi. Kakasowa, gwiritsani ntchito pulayasi yosongoka kukamwa, koma mofatsa kuti musaswe pulasitiki. Sikulu dalaiva ayi, ingagunditse zitsulo n'kubweretsa vuto lina. Kokani molunjika, fyuzi imodzi pa nthawi imodzi.

Ilozetseni ku kuwala. Pakati pa timiyendo tiwiri pali kawaya kopindika. Kakaduka, kapena mkati mukada ngati mwadutsa utsi, yapsa. Kudako kulinso ndi uthenga wake: fyuzi yoderatu mkati imasonyeza shoti yamphamvu (waya wamoto wagunda chitsulo), pomwe yongoduka mwaukhondo kawirikawiri yafa ndi katundu wochuluka. Pulasitiki ikasungunuka m'miyendo kawaya kali bwinobwino, ndiye kuti fyuziyo imakhala molobodoka m'malo mwake n'kumatentha.

Maso amanama nthawi zina, mng'alu umatha kukhala waung'ono kwambiri. Tesita ya babu ndiye yodalirika, ndipo simufunika kuzula kanthu. Panani kawaya kake pa bawuti yosapentedwa ya thupi la galimoto, tembenuzani kiyi afike pa ON. Pamsana pa fyuzi iliyonse pali timadontho tiwiri tachitsulo. Khudzani kamodzi ndi nsonga ya tesita, kenako kanzake. Tesita ikayaka konsekonse, fyuzi ili moyo. Ikayaka mbali imodzi yokha, mwaipeza yakupsayo. Ikapanda kuyaka konse, magetsi sakufika pamenepo; mafyuzi ena, monga a TAIL pa galimoto zambiri, amalandira moto pokhapokha mwayatsa nyali. Amene ali ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, aiike pa chizindikiro cholira, azule fyuziyo, akhudze timiyendo tonse tiwiri: yabwino imaliritsa, yakupsa imangoti chete.

Kusankha yolowa m'malo

Nambala ili pamsana, ndipo mtundu nawo umanena: 7.5A ndi yabulawuni, 10A yofiira, 15A yabuluu, 20A yachikasu, 25A yoyera, 30A yobiriwira. Ikani ya nambala yomweyo. Kukula kwake nakonso n'kosiyana, galimoto zambiri za ku Japan zimagwiritsa ntchito timafyuzi tating'ono tamiyendo yaifupi, choncho popita kogula zida za galimoto m'tauni nyamulani yakupsayo m'thumba. Yang'ananinso m'chivundikiro cha bokosi, pamakhala zapadera zolembedwa SPARE ngati mwini woyamba sanazimalize.

Muli pa msewu wa ku Nkhata Bay popanda yapadera, mukhoza kubwereka kwa chinthu chosafunikira pa ulendowo, monga wailesi kapena soketi, bola nambala ikhale yofanana kapena yocheperapo. Za ABS, EFI ndi ma airbag zisiyeni.

Apa ndiye tiyankhule mosabisa. Kuika 30A pomwe panali 10A, kukulunga fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena kulumikiza ndi kawaya ka kopa, ndi kuyatsa moto kuseri kwa dashibodi. Waya wa pamzere wa 10A ndi wowonda. Fyuzi ikakana kupsa, wayayo ndiye amatentha m'malo mwake, chikopa chake chimasungunuka, n'kumatana ndi anzake mumtolo umodzi. Ntchito imene ikanatha ndi kafyuzi kamodzi imasanduka yomasula dashibodi yonse, ngati galimotoyo yapulumuka.

Ikapsanso

Nthawi imene yapsera ndiyo imakulozerani kovuta. Ikapsa mukangoiika kapena mukangotembenuza kiyi, pali waya wamoto amene akugunda chitsulo. Ikapsa mukayatsa chinthu chinachake, vuto lili pa chinthucho. Ikapsa mukagwa m'maenje, monga m'misewu yafumbi ya ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, pali waya wonyuka amene amagunda apo ndi apo.

Soketi yotchajira ndiyo imatsogola. Fyuzi ya 15A pa 12V imanyamula mawati 180 basi, ndipo masoketi ena amalembedwa 120W. Inverter (chosinthira magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya mawati 300 ikagwira ntchito mokwanira imakoka 25A kapena kuposerapo. Kampope ka matayala nakonso kamadya kwambiri, makamaka poyamba. Walitsani tochi mkati mwa soketiyo: kandalama kachitsulo kapena kamutu kothyoka ka tchaja yotchipa kamagwera mmenemo n'kugunditsa pansi ndi khoma.

Kenako ganizirani zimene zinaikidwa galimoto itafika kale kuno. Wailesi za ku Japan zakale zimalekera pa 90 MHz, ndiye ambiri amazisintha kapena kuwonjezera kachipangizo kuti azimva mawailesi athu. Onjezani alamu, tracker, kamera yakumbuyo ndi nyali zowonjezera za nkhungu. Ngati wolumikiza anangopota mawaya n'kukulunga ndi tepi, tepiyo imamasuka ndi kutentha. Vuto likayamba patangopita masiku chiikireni chinthu chatsopano, yambirani pomwepo.

Madzi nawo ndi mdani wamkulu kuno ku Mzuzu, komwe mvula imachedwa kusiya. Masamba akatseka tingalande ta pansi pa galasi lakutsogolo, kapena timapaipi ta sunroof, madzi amatsikira mkati n'kunyowetsa bokosi la kunsi kwa dashibodi. Kapeti yonyowa ndi dzimbiri lobiriwira pa timiyendo ta fyuzi ndi umboni wake. Musaiwale mtolo wa mawaya wodutsa mu rabala yopindika pa chitseko chakumbuyo: umapindika tsiku lililonse mpaka kuthyoka, n'kumapsereza fyuzi ya TAIL kapena ya waipa yakumbuyo. Galimoto yogona pafupi ndi matumba a chimanga, yang'anani mano a makoswe pa mawaya a ku injini.

Posaka shoti, musamalize paketi ya mafyuzi. Tengani yakupsa ija, mulumikize mawaya awiri a babu la 21W ku timiyendo take, muiike m'malo mwake, zinthu zonse za pamzerewo zili zozimitsa. Shoti ikadalipo, babu liwala kwambiri. Zulani mapulagi a pamzerewo limodzilimodzi, gwedezani mitolo ya mawaya. Babu likazima kapena kuzilala, dzanja lanu lili pamalo ovutawo.

Fyuzi ili bwino koma sizikuyaka

Pitani pa relay, timabokosi tamakona anayi tokhala limodzi ndi mafyuzi. Sinthanitsani ndi ina ya nambala yofanana, monga ya hutala, muone ngati vuto lasamuka. Likapanda kusamuka, onani babu, switchi ndi waya wa earth, womangidwa pa thupi la galimoto.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zimasokoneza ambiri. Pa galimoto ya automatic, giya ikakana kuchoka pa P, pemphani wina aone ngati nyali za mabuleki zikuyaka. Fyuzi ya STOP ikapsa loko wa giya samasuka, ndipo zina zolizira pa batani sizilira n'komwe. China, galimoto ikafa zonse mutangoijampa ndi mawaya otembenuza, yapsa ndi fyuzi yaikulu, ija ya 100A kapena kuposerapo, imene a Toyota amalemba ALT. Imeneyi pa galimoto zambiri imamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa bokosi, siizuka ndi pulayasi. Chotsani kaye waya wa negative pa batire musanaiyandikire, kapena itanani makaniko wa zamagetsi, ayezenso alternator, imene imatchaja batire, chifukwa nayo imatha kuwonongeka nthawi yomweyo: injini ikulira, batire liyenera kuwerenga cha m'ma 14V.

Pa hybrid, galimoto yoyendera mafuta ndi magetsi omwe, monga Honda Vezel, mafyuzi ang'onoang'onowa mukhoza kusintha mofananamo, koma mawaya a mtundu wa lalanje ali ndi mphamvu yokhoza kupha munthu. Amenewo, pamodzi ndi mapulagi achikasu a ma airbag pa galimoto iliyonse, musawakhudze ndi tesita.