Tsiku la ofu, kakwereni phiri la Old Sarum

Ambiri a ife kuno ku UK moyo wathu umathera pa shifiti, pabedi ndi kutchalitchi Lamulungu. Munthu amatha zaka zinayi, koma mukamufunsa malo omwe waonako amangotchula siteshoni ya sitima ndi shopu yogulako ufa. Ngati mumakhala chakummwera kwa England, ndikukupemphani kuti tsiku limodzi la ofu mulipereke ku kaphiri kotchedwa Old Sarum, komwe kali pamtunda wa makilomita pafupifupi 3 kumpoto kwa mzinda wa Salisbury, m'chigawo cha Wiltshire.

Dzinali lisakusokonezeni. Agogo athu akamati anakagwira ntchito ku Salisbury ankanena Harare, mzinda womwe atsamunda anautcha dzina la Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain mu 1890, mpaka pomwe unasinthidwa mu 1982. Uwu ndi wina, wakale kwambiri.

Sitima yochokera ku London Waterloo imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Gulani tikiti masiku angapo ulendo usanafike ndipo pewani nthawi ya anthu opita kuntchito. Ngati mukuyenda ndi ana, khadi ya Family & Friends Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa akuluakulu. Mukatsika mutha kukwera basi kapena kuyenda wapansi, ola silikwana. Nayi mfundo yomwe alendo ambiri saidziwa: malowa amawasamalira ndi a English Heritage, bungwe losunga malo akale, koma tikiti imafunika polowa mkatikati mokha, muli mabwinja a nyumba ya mfumu. Kuzungulira zitunda zakunja ndi kuona maziko a tchalitchi chakale ndi ulere.

Mukafika, yambani mwazungulira chitunda chakunjacho. Anachiunjika ndi manja anthu a m'derali cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, kuti akhale ndi pothawira nkhondo ndi ziweto zawo. Aroma atabwera anapatcha Sorviodunum. Kenako William, amene analanda England mu 1066, anaona kuti aliyense wokhala pamenepa amaona adani akadali kutali, ndiye anaunjika mulu wina pakati, n'kumangapo linga. Pa 1 Ogasiti 1086 anaitanitsa eni malo akuluakulu onse a m'dzikoli kuti adzalumbire pamaso pake kuti adzamvera iye kuposa bwana wina aliyense. Patapita zaka, mfumu Henry II inatsekerapo mkazi wake, Eleanor wa ku Aquitaine, chifukwa chothandiza ana awo kuukira bambo wawo.

Koma chimene chimandikoka ine ndi mkangano wa ansembe ndi asilikali. Mu 1075 anaganiza zosamutsa mpando wa bishopu kuchoka ku Sherborne kubwera paphiri pano. Bishopu Osmund anamaliza tchalitchicho ndipo chinadalitsidwa mu Epulo 1092, koma patangotha masiku asanu chimphepo chinachiwononga. Anachikonza, ndipo Bishopu Roger anachikulitsa, koma mtendere sunakhalepo. Taganizani: guwa lansembe ndi nyumba za asilikali m'mpanda umodzi, makiyi a chipata ali ndi asilikali. Ansembe anadandaula mpaka kwa Papa Honorius III kuti mphepo imawomba mwakuti kwaya siyimvana, madzi ndi osowa ndipo amachita kugula, komanso asilikali amaletsa akhristu kulowa pa masiku oyera ponamizira chitetezo. Zimanenedwanso kuti tsiku lina ansembe anatuluka pa mdipiti wa mapemphero, pobwera anapeza chipata chotseka. Papa anavomera kuti asamuke. Pa 28 Epulo 1220 Bishopu Richard Poore anayala mwala wa maziko a tchalitchi chatsopano kudambo, m'mphepete mwa mtsinje wa Avon. Anthu anatsata ansembe kumunsi, miyala ya tchalitchi chakale inaphwasulidwa n'kukagwira ntchito kumeneko, ndipo mzinda wapaphiri unafa pang'onopang'ono.

Mudzamva nthano yoti malo atsopanowo anawasankha poponya muvi kuchokera paphiri. Mukaima pamwamba n'kuyang'ana pomwe pali tchalitchicho, mudzaona nokha kuti uta woponya mtunda wotero kulibe. Eni nthanoyo amati muviwo unalasa mbawala, yomwe inathawa nawo n'kukafera uko.

Tsono kwa inu amene mukuwerengera mayeso a Life in the UK, omwe amafunika popempha chilolezo chokhala mpaka kalekale kapena unzika: mafunso ndi 24, mphindi ndi 45, ndipo mufunika kukhoza 18. Zaka zija zimavuta kuloweza usiku mutachoka ku shifiti, apa mumaziponda ndi phazi. 1066 ndi William mwaziona kale. Nkhani ya madera achinyengo osankhirako aphungu ndi yapompano: phirili litasanduka bwinja, linapitirizabe kutumiza aphungu awiri ku Nyumba ya Malamulo, ovota ali owerengeka pa zala, pomwe Manchester ndi chikhamu chake chonse inalibe phungu wakewake. William Pitt wamkulu, yemwe pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, analowera pomwepa mu 1735. Lamulo losintha zisankho la 1832 ndi lomwe linathetsa zimenezi.

Ndipo 1215 ili kumunsi. Mukatsika phiri, kaloweni m'tchalitchi chatsopanocho, chomwe chinadalitsidwa mu 1258. Nsonga yake ndi yotalika mamita 123, palibe ina yoiposa m'dziko lino. Mmenemo muli chimodzi mwa zikalata zinayi zenizeni zomwe zatsala za Magna Carta, pangano la 1215 lomwe linachepetsa mphamvu za mfumu. Alendo odzaona malo amalipira, koma wobwera kudzapemphera salipira. Ine ndimakonza ulendo kuti ndipezeke pa mapemphero amadzulo oimbidwa ndi kwaya, ndipo abale a Anglican mudzamva ngati muli kwanu. Kungoti Magna Carta ili m'chipinda china chomwe chimatsekedwa msanga, choncho ngati mukufuna kuiona gulani tikiti masana.

Onani pa intaneti nthawi yotsegulira musananyamuke, chifukwa m'nyengo yozizira amatseka dzuwa likadalipo. Paphiripo palibe lesitilanti yeniyeni, ndiye phikani tiyi wa m'fulasiki, mandasi akhale m'chikwama. Nsapato zamchalitchi zisiyeni kunyumba: dothi la pamenepa ndi la choko, ndipo kukagwa mvula limaterera ngati therere. Gwirani ana padzanja m'mphepete mwa maenje, ndi akuya kuposa momwe amaonekera pa chithunzi. Jekete nayo musaiwale ngakhale mu Julayi, mphepo yomwe ansembe anakaineneza kwa Papa ikuwombabe.