Kuzokota Dzina pa Tomahawk ya Aperekezi a Ukwati

Achimwene, mwafunsa za tomahawk, kankhwangwa ka Amwenye a ku America komwe akwati ena kumeneko amapatsa aperekezi awo. Sankhani ya mpini wa mtengo wa hickory. Ndi wolimba, suthyoka msanga. Zulani mpiniwo, muupale ndi sandipepa mpaka vanishi yense achoke. Lembani dzina ndi tsiku la ukwati ndi pensulo, kenako mutsatire zilembozo ndi chitsulo chamoto. Apa musathamange ayi. Yesani kaye pa kathabwa kena, chifukwa chilembo chikapsa molakwika sichifufutika. Ine ndimakonda dzina lomwe mumaitanirana paubwana, limagwira mtima. Pakani mpiniwo mafuta a linseed (opaka matabwa) kawiri, pakamwa pa kankhwangwako muvekepo chikopa, mubwezere mpini.